Mimba ya mole ndi khansa: kodi magazi ndi DNA zingatiuziretu?

M'kalasi ya Biology tinaphunzira kuti mwana amayamba dzira la mayi likakumana ndi mbewu ya bambo. Mayi amapereka makromozomu 23, bambo amaperekanso 23, onse pamodzi 46. Masamu osavuta, eti? Koma nthawi zina masamuwa amasokonekera tsiku loyamba lomwelo, ndipo chomwe chimakula m'chiberekero sakhala mwana. Imakhala nsengwa yotupa timatumba tamadzi tambirimbiri, tooneka ngati phava la mphesa. Madokotala amaitcha hydatidiform mole. Ife tizingoti mimba ya mole. Musaisokoneze ndi mole ya ku Chemistry ija, izi nzina.

Ku Europe ndi ku North America vutoli limapezeka pa mimba pafupifupi imodzi mwa 1,000 zilizonse, ndipo m'mayiko ena a ku Asia limachuluka kuposa pamenepo. Limakonda kugwira atsikana omwe atenga pathupi ali aang'ono kwambiri komanso amayi omwe apitirira zaka 40. Mayi amaona zizindikiro zonse za pathupi: kusiya kusamba, nseru, mimba kukula. Kenako amayamba kutaya magazi, kusanza mopitirira muyeso, kapena mimba imakula mofulumira kuposa miyezi yake. Kuchipatala akamujambula pa sikani ndi pamene zimadziwika. Pa nthawi ngati iyi ena amathamangira kunena za ufiti, kuti mwana wasowetsedwa. Ayi ndithu. Nkhani yonse ili m'makromozomu, ndipo mayi sanalakwitse chilichonse.

Mole imachotsedwa potsuka m'chiberekero, kumene ambiri amati kukolopa. Amayi ambiri amachira n'kudzaberekanso bwinobwino. Koma mwa ena ochepa, maselo otsalira amapitiriza kukula n'kukhala khansa. Funso lathu lero ndi ili: pa tsiku lotsuka lija, kodi pali chilichonse m'magazi kapena mu DNA chomwe chingauze dokotala kuti mayi uyu ndiye ali pachiopsezo, uyu ayi?

Mitundu iwiri ya mole

Woyamba ndi complete mole, tiitche mole yathunthu. Apa makromozomu a mayi asowa m'dzira, ndipo onse 46 ndi a bambo. Nthawi zambiri mbewu imodzi imalowa, makromozomu ake 23 n'kudzikopera okha kukhala 46. Nthawi zina zochepa zimalowa mbewu ziwiri, iliyonse ndi 23 ake. Mu mole yathunthu simukhala mwana ngakhale pang'ono. Asayansi awiri a ku Japan, Tadashi Kajii ndi Koso Ohama, ndi amene anasonyeza mu 1977 kuti makromozomu a mole yotereyi amachokera kwa bambo yekha.

Wachiwiri ndi partial mole, tiitche mole yatheka. Dzira lili ndi makromozomu ake 23, koma mwalowa mbewu ziwiri. Werengani: 23 + 23 + 23 = 69. Apa kamwana kamatha kuyamba kupangika, koma sikangakule mpaka kukhala ndi moyo.

Nanga 46 si yokwanira?

Mwina mukuti, "Mole yathunthu ili ndi makromozomu 46, nambala yoyenera. Bwanji sapangika mwana?" Yankho linabwera mu 1984 kudzera mu mbewa za mu labotale. Azim Surani, wobadwira ku Kisumu m'dziko la Kenya, anali kugwira ntchito ku Cambridge, pamene James McGrath ndi Davor Solter anali ku Philadelphia. Magulu onse awiri anapanga mazira a mbewa okhala ndi makromozomu a bambo okhaokha, ena a mayi okhaokha. Palibe ngakhale limodzi linabala mbewa yamoyo. Mazira a bambo okhaokha anakulitsa kwambiri mbali ya nsengwa, kamwana n'kufooka. A mayi okhaokha anachita mosemphana.

Chifukwa chake n'chakuti majini ena (a mu Biology, osati a mizimu aja) amabwera atadindidwa chidindo chosonyeza kumene achokera. Pali majini omwe amagwira ntchito pokhapokha ngati achokera kwa bambo, ndipo angapo mwa amenewa amalimbikitsa nsengwa kukula. Palinso omwe amagwira ntchito pokhapokha ngati achokera kwa mayi, ndipo ena mwa iwo ntchito yawo ndi kuchepetsa liwiro. Zimenezi zimatchedwa genomic imprinting. Ndiye mole yathunthu ili ngati njinga yomwe anthu awiri akupalasa pamtsetse koma ilibe mabuleki. Sungani mfundo imeneyi, tibwereranso.

Khansa ikulowa pati?

Maselo a nsengwa otchedwa trophoblast ali ndi khalidwe lachilendo ngakhale pa mimba yabwinobwino. Ntchito yawo ndi kuboola khoma la chiberekero n'kufika pa mitsempha ya magazi ya mayi kuti mwana azipeza chakudya ndi mpweya. Kugawikana mofulumira, kuboola, kulowa m'mitsempha: izi ndi zomwenso khansa imachita. Kusiyana kwake n'kwakuti nsengwa yabwino imadziwa polekezera.

Maselo a mole akapanda kuleka, matendawo amatchedwa gestational trophoblastic neoplasia, mwachidule GTN. Nthawi zambiri ndi invasive mole, yomwe imalowerera m'mnofu wa chiberekero. Nthawi zina ndi choriocarcinoma, khansa yomwe imafalikira mofulumira kudzera m'magazi, makamaka kupita ku mapapo.

Pa amayi 100 omwe achotsedwa mole yathunthu, pakati pa 15 ndi 20 amadzafunika mankhwala a khansa. Pa mole yatheka ndi ochepa kwambiri: ku UK amapeza pafupifupi mmodzi pa 100. Nkhani yabwino n'njakuti GTN ndi imodzi mwa khansa zochizika kwambiri. Ikapezeka msanga, pafupifupi onse amachira, ndipo ambiri chiberekero chawo chimatsala. Vuto limabwera ikapezeka mochedwa.

Biomarker n'chiyani?

Biomarker ndi chinthu cha m'thupi chomwe tingachiyeze, n'kutiuza zomwe sitingaone ndi maso. Shuga wa m'magazi ndi biomarker. Viral load ya munthu yemwe ali ndi HIV ndi biomarker. Tikati molecular biomarker tikunena za tinthu tating'onoting'ono ngati puloteni, DNA kapena RNA.

Koma zizindikirozi siziyankha funso limodzi. China chimayankha kuti, "Kodi matendawa ndi ati?" China, "Kodi akutha kapena akukula?" Chinanso, "Kodi mtsogolo muno zidzatha bwanji?" Lachitatuli ndiye lovuta zedi. Kuona kuti mvula ikugwa n'kosavuta. Kunena mu Okutobala kuti Januwale adzakhala ndi ng'amba, pamenepo m'pamene pali ntchito.

hCG: mlonda wakale amene sanapume

Maselo a trophoblast amatulutsa homoni yotchedwa human chorionic gonadotropin, kapena kuti hCG. Ndi yomweyi imene kachipangizo koyezera mimba mu mkodzo kamafufuza. Mwa mayi yemwe alibe pathupi, hCG imakhala yochepera 5 IU pa lita imodzi ya magazi. Mu mole yathunthu imatha kupitirira 100,000.

Mfundo yake ndi yosavuta: maselo akachuluka, hCG imachuluka, akamafa, imatsika. Mole ikachotsedwa, amayeza magazi sabata iliyonse kapena masabata awiri aliwonse. Bungwe la madokotala a amayi padziko lonse lotchedwa FIGO linaika malamulo owerengera zotsatira. Ngati hCG yaima pamodzimodzi pa kuyeza kanayi m'masabata atatu, kapena ikukwera pa kuyeza katatu kotsatizana m'masabata awiri, ndiye kuti GTN yayamba, ngakhale mayi akumva bwinobwino m'thupi. Ngati yatsika mpaka kufika mwakale, pa mole yathunthu amapitiriza kuyeza mwezi ndi mwezi kwa miyezi isanu ndi umodzi. Pa mole yatheka amangotsimikiza kamodzi patatha mwezi.

N'chifukwa chake mayi amalangizidwa kugwiritsa ntchito njira yolera pa nthawi yonseyi. Mimba yatsopano nayo imakweza hCG, ndiye dokotala sangadziwe kuti ikukwera chifukwa cha mwana kapena khansa.

Mphamvu ya hCG inaonekera m'zaka za m'ma 1950 ku National Cancer Institute ku America. Mu 1956 Min Chiu Li ndi Roy Hertz anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti mankhwala a methotrexate amathetsa choriocarcinoma ngakhale itafalikira. Li anaona kuti mwa odwala ena zotupa zasowa pa X-ray koma hCG idakalipo pang'ono. Iye anati maselo a khansa akubisala, ndipo anapitiriza kupereka mankhwala mpaka hCG itatheratu. Akuluakulu ake anaona ngati akuzunza odwala pachabe, n'kumuchotsa ntchito. Pambuyo pake zinadziwika kuti iye ndiye anali wolondola: osiya mankhwala msanga khansa inkawabwerera. Mu 1972 Li analandira nawo mphoto ya Lasker. Ku UK, ntchito ya Kenneth Bagshawe wa pachipatala cha Charing Cross ku London inachititsa kuti kuyambira 1973 amayi onse opezeka ndi mole azilembedwa m'kaundula n'kumatsatiridwa ndi hCG.

Kanthu kena kodabwitsa: hCG ikachulukitsitsa, kachipangizo ka mkodzo kamatha kuonetsa kuti palibe mimba. Ma antibody a pa kachipangizoko amadzaziridwa mpaka kulephera kupanga mzere wachiwiri. Akasungunula mkodzowo ndi madzi n'kuyezanso, mzere umatuluka. Zimenezi zimatchedwa hook effect.

Tsono kodi hCG imalosera? Pang'ono chabe. Ikakhala yoposa 100,000 mole isanachotsedwe, chiopsezo chimakhala chokwera. Chimakweranso ngati chiberekero chakula kuposa miyezi yake, ngati m'mabasiketi a mazira muli zotupa zamadzi zazikulu, kapena ngati mayi wapitirira zaka 40. Komabe ambiri mwa amayi oterewa sadwala GTN, ndipo ena opanda zizindikirozi amadwala. Luso lenileni la hCG ndi kugwira khansa ikangoyamba, osati kuneneratu.

p57: kodi mabuleki a mayi alipo?

Tibwerere ku njinga ija. Pa kromozomu ya nambala 11 pali jini yotchedwa CDKN1C, yomwe imapanga puloteni ya p57. Ntchito ya p57 ndi kuchedwetsa kugawikana kwa selo. Jini imeneyi ndi imodzi mwa zodindidwa zija: yochokera kwa mayi imagwira ntchito, yochokera kwa bambo imakhala chete.

Mu labotale amadula kachidutswa kopyapyala ka zomwe zachotsedwa m'chiberekero, n'kuthirapo ma antibody omwe amamatira pa p57 n'kusiya mtundu wofiirira. Kenako amayang'ana pa maikulosikopu. Ngati maselo a timatumba tija alibe mtunduwo, ndiye kuti mulibe DNA ya mayi, choncho ndi mole yathunthu. Ngati mtundu ulipo, ndi mole yatheka kapena kupita padera wamba.

Izi ndi zofunika chifukwa masiku ano sikani imapeza mole msanga, timatumba tisanatupe kwenikweni, ndipo pa maikulosikopu mitundu iwiriyi imatha kufanana. Kuyeza p57 kumathandiza kuika mayi m'gulu loyenera: la 15 mpaka 20 pa 100, kapena la mmodzi pa 100. Koma taonani malire ake. Pafupifupi mole zathunthu zonse zilibe p57, zomwe zidzathe zokha ndi zomwe zidzakhale khansa. Choncho p57 imatiuza gulu, koma siloza munthu.

Kuwerenga DNA: mbewu imodzi kapena ziwiri?

Mu DNA yathu muli malo omwe zilembo zochepa zimabwerezedwa motsatizana, ndipo kuchuluka kwa kubwerezako kumasiyana munthu ndi munthu. Malowa amatchedwa short tandem repeats, ndipo ndi omwe amayang'ana pofufuza bambo wa mwana kapena pa milandu ya kupolisi. Pa mole, amayerekeza DNA ya nsengwa ndi ya mayi.

Ngati mu nsengwa mulibe chilichonse chofanana ndi mayi, ndi mole yathunthu. Ngati muli gawo limodzi la mayi ndi awiri a bambo, ndi yatheka. Ngati muli limodzi la mayi ndi limodzi la bambo, kawirikawiri si mole n'komwe, ndipo mayi sakufunika miyezi yoyezedwa magazi.

Njirayi imaonetsanso china. Mole yathunthu yochokera ku mbewu imodzi imakhala homozygous, chifukwa makromozomu awiriawiri onse ndi makope enieni. Yochokera ku mbewu ziwiri imakhala heterozygous. Kafukufuku wina wa ku Japan ndi ku China wapeza kuti mole za mbewu ziwiri zimasanduka GTN kawirikawiri kuposa za mbewu imodzi. Apa ndiye tayandikira kulosera kwenikweni. Komabe za mbewu imodzi ndizo zochuluka, ndipo zina mwa izo zimasandukanso GTN. Choncho palibe mayi angauzidwe kuti, "Yanu ndi ya mbewu imodzi, musabwerenso."

Zomwe ofufuza akusakabe

Gulu lina lomwe asayansi akuliyang'ana ndi ma microRNA. Ndi tizidutswa ta RNA ta zilembo pafupifupi 22, tomwe sitipanga puloteni koma timatsekereza majini ena kuti asapange yawo. Victor Ambros ndi Gary Ruvkun analandira mphoto ya Nobel mu 2024 chifukwa chotulukira tinthu timeneti. Nsengwa imapanga ma microRNA akeake, ndipo gulu lalikulu la iwo lili pa kromozomu 19. Ena amalowa m'magazi a mayi, kutanthauza kuti atha kuyezedwa. Ofufuza ayerekeza mole zomwe zinatha zokha ndi zomwe zinasanduka GTN, ndipo apeza kuti ma microRNA ena amasiyana kuchuluka. Koma kafukufukuyu wachitika pa amayi ochepa, ndipo sanafike pogwiritsidwa ntchito m'zipatala tsiku ndi tsiku.

Palinso majini a mayi mwiniwake. Mole ikachitika kamodzi, mwayi woti ibwerenso ndi pafupifupi 1 kapena 2 pa 100. Koma pali amayi ochepa omwe imawabwerera mimba iliyonse. Mu 2006 gulu la Rima Slim pa McGill University ku Montreal linapeza kuti ambiri mwa iwo ali ndi vuto pa makope onse awiri a jini ya NLRP7. Mu 2011 panapezekanso jini ina, yomwe tsopano imatchedwa KHDC3L. Mazira a amayi amenewa amalephera kudinda chidindo cha mayi chija. Zotsatira zake, makromozomu a mayi alimo koma mimba imakula ngati mole yathunthu. Dziwani kuti majini awiriwa amalosera za kubwereranso kwa mole. Limenelo ndi funso lina, losiyana ndi loti mole iyi isanduka khansa kapena ayi.

Tiyeni tichite masamu

Mwina mukuti, "Bwanji osangopatsa aliyense methotrexate basi?" Chifukwa amayi oposa 80 pa 100 angamwe mankhwala a khansa popanda chifukwa. Mankhwalawa amatha kubweretsa zilonda m'kamwa, kufooka ndi mavuto ena, ndipo ngakhale wolandirayo amayenerabe kumayezedwa hCG.

Nanga titakhala ndi biomarker yatsopano? Tiyerekeze chabe, manambalawa ndi ophunzirira. Tili ndi amayi 100. 15 adzadwala GTN, 85 ayi. Kuyeza kwathu kumagwira 80 peresenti ya odzadwala. Ameneyo ndi amayi 12, ndipo atatu aphonyedwa. Kumalakwitsanso pa 20 peresenti ya osadwala, omwe ndi amayi 17. Onse omwe auzidwa kuti ali pachiopsezo ndi 12 + 17 = 29. Mwa 29 amenewa, odzadwaladi ndi 12 okha, osafika ndi theka lomwe.

Mwaonatu? Kuyeza komveka kwabwino, "80 peresenti", kwaopseza amayi 17 pachabe, n'kutsimikizira atatu zabodza kuti ali bwino. Kugwira odwala kumatchedwa sensitivity, kumasula osadwala kumatchedwa specificity. Biomarker yolosera iyenera kuchita bwino mbali zonse ziwiri, iyesedwe pa anthu ambiri a m'mayiko osiyanasiyana, komanso ikhale yotsika mtengo.

N'chifukwa chiyani kusakaku kuli kofunika?

Njira ya hCG imayenda bwino pamene mayi angathe kumabwera mobwerezabwereza, ndipo labotale ili ndi makina owerengera kuchuluka kwa homoniyi m'magazi. Tsono ganizani za mayi amene chipatala chili kutali, thiransipoti ndi yodula, kumunda kukudikira, ndipo m'thupi akumva bwino. N'zosavuta kuti asiye kupita. Ngati iye ali mmodzi mwa 15 aja, adzabwera patapita miyezi, akutaya magazi kapena kutsokomola magazi. Kukanakhala kuyeza kodalirika pa tsiku loyamba, achipatala akanadziwa oyenera kuwatsatira mwapadera kapena kuwayambitsa mankhwala msanga. Ofuna thandizo limeneli kwambiri ndi amayi a m'mayiko ngati athu ano.

Pakadali pano zinthu zili motere: p57 ndi DNA zimatiuza mtundu wa mole ndi kukula kwa chiopsezo, pamene hCG yoyezedwa mobwerezabwereza ndiyo imagwira khansa nthawi ikadalipo. Ngati mchemwali wanu, azakhali kapena amayi anu anauzidwa kuti anali ndi mole, chinthu chimodzi chomwe mungawathandize nacho ndi kuwakumbutsa tsiku lokayezetsa, ngakhale akunena kuti achira.

Dziyeseni

1. Mbewu ya bambo imanyamula X kapena Y. Mole yathunthu ya mbewu imodzi imakhala 46,XX nthawi zonse, 46,YY sipezeka. Mukuganiza kuti n'chifukwa chiyani?
2. Mole yathunthu yapezeka kuti ndi 46,XY. Kodi inachokera ku mbewu zingati? Fotokozani.
3. N'chifukwa chiyani p57 singasiyanitse mole yatheka ndi kupita padera wamba?
4. Mayi wina hCG yake inali 900, kenako 880, 910 ndi 890 pa masabata otsatizana. Malinga ndi malamulo a FIGO, dokotala aganiza chiyani?
5. Bwerezani masamu aja ndi amayi 200 omwe 30 mwa iwo adzadwala, koma kuyeza kuzigwira 90 peresenti ya odwala n'kumalakwitsa pa 10 peresenti ya osadwala. Ndi angati adzauzidwa kuti ali pachiopsezo, ndipo mwa iwo odzadwaladi ndi angati?

Kathandizo pa funso loyamba: kromozomu ya X ili ndi majini mazanamazana omwe selo silingakhale ndi moyo popanda iwo, pamene Y ili ndi ochepa kwambiri. Kwinako malizani nokha.